Mwana wafika m'kalasi, nanga mphunzitsi wake anamukonzekeretsa ndani?

Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma la Zambia linachotsa fizi m'masukulu ake, makalasi a kuno kum'mawa adzaza mpaka pakhomo. Tinayamika, ndipo tikuyamikabe. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi. Koma pakati pa ana amene anakhamukira kusukulu panalinso ena amene kale ankatsala pakhomo anzawo akanyamula mabuku: mwana wosamva, mwana woona mwachimbuuzi, mwana wa zaka 9 amene lilime lake silinamasukebe, mwana amene amatseka makutu n'kuyamba kukuwa belu likangolira. Anawa tsopano ali pa desiki, ena pansi pa simenti. Ndiye tifunse: mphunzitsi amene waima kutsogolo kwawo ku Chipangali, ku Kasenengwa, ku Vubwi, kaya ku Mchini komwe kuno m'tauni ya Chipata, anamukonzekeretsa ndani?

Funsoli likanafunsidwa kwina kulikonse m'Zambia likanakhala lopweteka. Kuno ku Chipata ndi lochititsa manyazi, chifukwa ntchito yophunzitsa ana olumala m'dziko muno inabadwira pakhomo pathu pomwe. Amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikika ku Magwero mu 1899. Mu 1905 mayi Issie Hofmeyr, mkazi wa m'mishoni, anayamba kuphunzitsa akhungu pamalo pomwepo, ndipo imeneyo ndiyo inali sukulu yoyamba ya mtunduwu m'dziko lonse lino. Iwo atamwalira mu 1910, mayi Ella Botes anapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambirimbiri, ndipo mu 1955 ku Magwero kunatsegulidwanso sukulu ya osamva. Nthawi imene mwana wakhungu ankawerenga ndi zala ku Magwero, Lusaka anali asanakhale likulu, ndipo Chipata anali kutchedwa Fort Jameson. Zaka zoposa 100 zadutsa. Kodi dera limene linaphunzitsa dziko lonse kuti wakhungu amawerenga, lero lili ndi aphunzitsi angati odziwa kuwerenga zimene wakhunguyo walemba?

Boma linasenza udindowu mu 1971, Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti maphunziro a ana olumala asamangosiyidwa m'manja mwa mipingo. Chaka chomwecho ku Lusaka kunatsegulidwa koleji yophunzitsa aphunzitsi a anawa, imene lero timaidziwa kuti ZAMISE. Pambuyo pake University of Zambia inayamba kupereka madigiri a ntchito yomweyi, ndipo masukulu ena aukachenjede atsatira. Zonsezi n'zabwino. Koma kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East. Mphunzitsi wa ku Chadiza amene mtima wake wagwidwa ndi mwana wosamva wa m'kalasi mwake ayenera kupempha chilolezo, kupeza fizi, nthawi zambiri ya ngongole, kusiya banja ndi munda, n'kukwera basi ya m'bandakucha. Akachita zimenezo timamuombera m'manja kuti ndi wodzipereka. Nanga n'chifukwa chiyani tsogolo la mwana liyenera kudalira kudzipereka kwa munthu mmodzi ndi ngongole yake? Chipata College of Education ili pompano, Magwero ali pompano. N'chiyani chimene chimaletsa kuti mphunzitsi aliyense wotuluka pakolejipo akhale atathako temu yathunthu ku Magwero, akugwira ntchito pansi pa anthu amene aidziwa?

Pali ena amene amaganiza kuti kuphunzitsa mwana wolumala ndi nkhani ya mtima wachifundo ndi kuleza basi. Chifundo n'chofunika, koma chifundo sichiwerenga Braille. Tiyeni tione chimene chili m'kati mwa ntchitoyi, kuti tidziwe kukula kwa chimene tikupempha.

Zilembo zimene Louis Braille anakonza ku France zimamangidwa pa timadontho 6 totumphuka, ndipo timadonthoto timasanjika m'njira 63. Mwana wolemba ndi kachitsulo kobayira papepala amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, chilembo chilichonse chotembenuka, kuti akatembenuza pepala aliwerenge bwino. Chingelezi cha Braille chili ndi zidule zakezake, masamu ali ndi zizindikiro zawozawo, sayansi nayonso chimodzimodzi. Mphunzitsi amene sadziwa zimenezi angachonge bwanji ntchito ya mwana? Angadziwe bwanji ngati mwanayo walakwitsa samu kapena wangophonya kadontho? Ndipo kuwerenga ndi mbali imodzi chabe. Pali kuyenda ndi ndodo yoyera kuchokera m'kalasi kupita kuchimbudzi popanda womugwira dzanja. Pali kufotokoza mapu a Zambia kwa munthu amene sanaonepo mzere, zimene zimafuna mapu ogwirika opangidwa ndi ulusi, mchenga kapena njere. Pali kuleka chizolowezi cholankhula kuti "ichi tichotse apa tiike apo" uku ukuloza pabolodi, chifukwa kwa mwana wosaona mawu amenewo alibe kanthu m'kati mwake.

Komanso si mwana aliyense wovutika maso amene afunika Braille. Ana ambiri achialubino amaona, koma movutikira, ndipo kuwala kumawalasa m'maso. Chimene afuna ndi kukhala kutsogolo, kutali ndi zenera la dzuwa, zilembo zikuluzikulu, choko chooneka bwino, chipewa, mwinanso galasi lokulitsira zilembo. Zambiri mwa izi sizilira ndalama ngakhale ngwee imodzi. Zimalira mphunzitsi amene wauzidwa. Ndi ana angati amene alembedwa m'kaundula kuti ndi aulesi, pamene vuto linali loti bolodi saliona?

Kwa osamva nkhani ndi yozama koposa. Chinenero chamanja cha ku Zambia ndi chinenero chokwanira, chokhala ndi malamulo ake. Si Chinyanja chotembenuzidwira m'zala, ndipo si Chingelezi. Nkhope, nsidze, mapewa ndi malo amene dzanja laima, zonse zimanyamula tanthauzo. Ana osamva ochuluka kwambiri, oposa 90 pa 100 alionse, amabadwa kwa makolo akumva amene sadziwa chinenerochi. Choncho mwana wotere amafika m'Giredi 1 alibe chinenero chilichonse chokhazikika, koma tizizindikiro ta pakhomo tonena za nsima, madzi ndi kugona. Mnzake wakumva wafika ndi mawu masauzande, nthano za agogo ndi nyimbo za kutchalitchi. Ntchito yoyamba ya mphunzitsi ndi kumupatsa mwanayo chinenero, ndipo munthu sapatsa chimene alibe. Kodi mphunzitsi amene waloweza afabeti ya zala ndi zizindikiro za "moni", "khala pansi" ndi "chete" angaphunzitse nazo tizigawo ta masamu? Angafotokoze nazo mmene mvula imapangikira? Ndipo mwanayo akalephera mayeso a Chingelezi, chinenero chimene sanachimvepo ndi khutu, wolephera weniweni ndani?

Ndiye pali ana aja amene ulumali wawo suoneka msanga, amene kumudzi amangoti "mutu wake sugwira". M'gulu limeneli timaunjikamo ana osiyana kotheratu. Mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa angalephere kugwira pensulo ndi kutulutsa mawu omveka, koma nzeru zake zili zakuthwa kuposa za anzake. Mwana wa Down syndrome amaphunzira pang'onopang'ono, koma amaphunzira, makamaka ukamuonetsa ndi maso n'kubwereza. Mwana wa autism amasokonezeka zinthu zikasintha mwadzidzidzi, phokoso limamupweteka, ndipo kupewa kwake kuyang'ana munthu m'maso si mwano. Mwana wakhunyu akagwa safuna kumuika supuni m'kamwa kapena kumuthawa. Afuna kumuchotsera zinthu zomuvulaza, kumugoneka cham'mbali akaleka kuphupha, ndi kuuza anzake kuti khunyu si matenda opatsirana. Aliyense wa anawa afuna njira yake: kugawa ntchito m'tizidutswa, ndandanda ya tsiku yosasinthasintha, zithunzi, zinthu zogwira ndi manja, ndi dongosolo lolembedwa la mwana mmodziyo limene mphunzitsi ndi makolo agwirizana. Lamulo la Children's Code Act la 2022 linatsimikiza kuti mwana asamenyedwe. Tikugwirizana nalo. Koma mphunzitsi amene tamulanda chikwapu tamupatsa chiyani m'manja? Wopanda luso ali ndi njira ziwiri zokha: kukwapula mobisa, kapena kumusiya mwanayo kumbuyo kwa kalasi azijambula pansi mpaka chaka chithe. Njira yachiwiriyi ndi yofala, chifukwa siibweretsa mlandu.

Malamulo ndiye tili nawo odzaza kabati. Mu 1994 maiko anagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, kuti ana onse aziphunzirira pamodzi momwe kungathekere. Ndondomeko yathu ya 1996 yotchedwa Educating Our Future inavomereza mfundoyi. Mu 2010 Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, mu 2011 kunabwera lamulo latsopano la maphunziro, ndipo mu 2012 lamulo la Persons with Disabilities Act. Kafukufuku wa boma wa 2015 anapeza kuti ana 4.4 pa 100 alionse a zaka za pakati pa 2 ndi 17 ali ndi ulumali wina wake. Ndiye kuti m'midzi imene muli ana 1,000, pafupifupi 44 ndi otere. Palibe sukulu imene inganene kuti nkhaniyi siikuikhudza. Ngati mphunzitsi wamkulu anena kuti pasukulu pake palibe mwana wolumala, tanthauzo lake n'lakuti anawo ali kunyumba, kapena ali m'kalasi koma palibe wawazindikira.

Ife sititsutsa zoti ana aziphunzirira pamodzi. Mwana wa zaka 6 sayenera kuchotsedwa pa chifuwa cha mayi ake ku Lumezi n'kukagonera kutali chifukwa choti samva, ngati pafupi pali womuthandiza. Ndiponso Magwero sangathe kulandira mwana aliyense wa m'chigawo chonse cha kum'mawa. Koma kuika mwana wosamva m'kalasi la ana 90 pansi pa mphunzitsi wosadziwa chinenero chake si kumuphatikiza. Ndi kumusunga chabe mpaka nthawi yoweruka. Kodi sizoona kuti mawu okomawa nthawi zina amasanduka njira yotchipa yothawira ndalama zophunzitsira aphunzitsi?

Akuluakulu a maphunziro atiyankha kuti m'makoleji onse a aphunzitsi muli phunziro lokhudza ana a zosowa zapadera. Lilipodi. Koma tifunse mmene limayesedwera. Wophunzira akatha kulemba papepala mitundu ya ulumali ndi zaka zimene malamulo anakhazikitsidwa, wakhoza. Kodi alipo amene amamukhazika pamaso pa munthu wosamva kuti acheze naye mphindi 10? Alipo amene amamupatsa tsamba la Braille kuti aliwerenge? Namwino sapatsidwa chiphaso asanabaye jakisoni. N'chifukwa chiyani Teaching Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 kuti izilondera ulemu wa ntchito ya uphunzitsi, isafune umboni wa luso logwirika chotere?

Atiyankhanso kuti pamachitika mawekishopu. Amachitikadi, ndipo timawadziwa: masiku atatu kuloji, botolo la madzi patebulo, alawansi, chithunzi cha pagulu, kenaka lamulo loti mukaphunzitse anzanu. Amene wapitako amakauza a pazoni, a pazoni amakauza a pasukulu, ndipo chimene chimafika kwa mphunzitsi wa Giredi 2 ndi mutu wa nkhani wokha. Mabungwe amene amalipira misonkhanoyi ali ndi zolinga zabwino, ndipo kumeneko anthu amatsegukadi maso. Koma ndani anaphunzirapo chinenero m'masiku atatu? Unduna uli kale ndi njira yabwinopo: misonkhano ya aphunzitsi ya pasukulu ya m'dongosolo la SPRINT, ndi malo othandizira aphunzitsi a pazoni ndi paboma. Bwanji pazoni iliyonse pasakhale katswiri mmodzi wokhala ndi njinga yamoto ndi mafuta, woyendera masukulu mlungu ndi mlungu, wolowa m'kalasi n'kuona mwana weniweniyo pamodzi ndi mphunzitsi wake?

Apa pabuka funso lina limene akuluakulu a maphunziro sakonda kulimva. Amene anaphunzira kale ntchitoyi ali kuti? Ofesi ya zamaphunziro ya chigawo cha kum'mawa, ndi ma DEBS, oyang'anira maphunziro m'boma lililonse, atiuze poyera: aphunzitsi okhala ndi dipuloma kapena digiri ya maphunziro apadera alipo angati, ndipo mwa iwo ndi angati amene m'mawa uno aphunzitsa mwana wolumala? Ndi angati amene akuphunzitsa Civic Education kusekondale chifukwa ndiko kunali malo? Ndi angati amene anakwezedwa n'kulowa mu ofesi? Mwa aphunzitsi 30,000 aja, ndi angati amene anatumizidwa kuno chifukwa cha luso la Braille kapena la chinenero chamanja? Sitikunyoza mphunzitsi amene anaona dipuloma kapena digiri yakeyo ngati makwerero a malipiro. Naye ali ndi ana odyetsa. Cholakwika ndi dongosolo limene limachititsa kuti njira yokha yokwerera ikhale yochoka m'kalasi. Katswiri akakwezedwa, bwanji asakwezedwe ali pomwepo, malipiro akwere iye akadali ndi ana ake?

Ndipo aphunzitsi a aphunzitsiwo akhale ndani? Magwero atulutsa mibadwo ya anthu akhungu ndi osamva amene anaphunzira, ena mpaka kukhala aphunzitsi. Mwini chinenero chamanja ndi munthu wosamva. Wodziwa msampha uliwonse wa Braille ndi amene amaiwerenga tsiku ndi tsiku. Koma pamisonkhano yokamba za iwo kawirikawiri amaitanidwa kudzapereka umboni ndi kuimba nyimbo, kenaka akumva ndi openya n'kutenga choko. Bungwe la Zambia National Association of the Deaf lilipo. Kodi chingavute n'chiyani kuti koleji ilembe ntchito anthu osamva, pa malipiro enieni, kuti aziphunzitsa chinenero chawo? Mwana wosamva amene waona munthu wamkulu wosamva ataima kutsogolo kwa kalasi amadziwa tsiku lomwelo kuti naye adzakula n'kukhala munthu.

Akulu amati m'mera m'poyamba. Ulumali wambiri wa ana kuno umachokera ku zinthu zodziwika: malungo ogwira ubongo, matenda oumitsa khosi, chikuku, mafinya a m'khutu osachiritsidwa, chikasu cha khanda, kuchedwa kulira pobadwa, ng'ala yobadwa nayo. Zina mwa izi zimachizika zikapezeka msanga. Ng'ala ya mwana imachotsedwa, ndipo chipatala cha Mwami chimadziwika ndi ntchito ya maso. Chipata Central ndi St Francis ku Katete zili m'chigawo momwe muno. Koma kuti mwana akafike kumeneko, wina ayenera kuona kuti pali vuto, ndipo kupatula mayi ndi a kusikelo, munthu amene amakhala ndi mwanayo maola ambiri ndi mphunzitsi wa kalasi ya ana aang'ono. Iye ndiye angaone kuti uyu satembenuka akaitanidwa cha kumbuyo, uyu amayandikitsa buku pamphuno. Kodi amadziwa choti aone? Akaona, amadziwa kumene angatumize mwanayo, ndiponso mmene angalankhulire ndi makolo? Ntchito yomalizayi si yamasewera. M'midzi yathu mukadali mabanja amene mwana akabadwa wolumala amaloza mayi chala, ena amati bambo anakhwimira mwanayo kuti malonda ayende, ndipo maukwati amatha. Mphunzitsi amene angakhale pamphasa ndi banja lotere, n'kunena mwaulemu kuti "Amayi, si mfiti, ndi malungo aja anadwala ali khanda, ndipo mwanayu aphunzira," wachita zimene chikalata cha ku Lusaka sichingachite. Mafumu athu, kuyambira kwa Nkhosi yamankhosi Mpezeni ndi Kalonga Gawa Undi mpaka kwa anyakwawa, amamveka akalankhula za maukwati a ana aang'ono. Bwanji mawu omwewo asamveke pa za mwana wotsekeredwa m'nyumba?

Yankho lomaliza limene timalimva nthawi zonse ndi lakuti ndalama palibe. Mu 2022 thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo lakhala likukwerabe. Taona midadada ya makalasi ndi madesiki, ndipo n'zofunika. Koma mdadada umaoneka pachithunzi, pamene luso la mphunzitsi silioneka, ndipo tikukayika ngati si chifukwa chake limaiwalika. Aphungu ndi makhansala a Chipata Central, Luangeni, Kasenengwa ndi Chipangali, kodi pamisonkhano yanu yogawa ndalamazi munamvekapo dzina la mwana wosamva? Ngati malamulo a thumbali salola kulipirira mphunzitsi maphunziro otere, amene amakonza malamulo ku Nyumba ya Malamulo si inu nomwe? Anzathu a ku Malawi ali ndi koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imene inamangidwa pafupi ndi sukulu za ana osamva ndi osaona, kotero kuti wophunzira uphunzitsi amaona ana enieni kuyambira pachiyambi. Nzeru imeneyi siifuna pasipoti kuti iwoloke malire pa Mwami.

Chimene tikupempha n'chapafupi. Unduna wa Zamaphunziro, Chipata College of Education, ZAMISE ndi mpingo wa Reformed Church in Zambia, umene unabadwa mwa amishoni aja a ku Magwero, akhale pansi, apange Magwero kukhala malo ophunzitsirako aphunzitsi a chigawo chonse cha kum'mawa, pa tchuthi ndi pa nthawi yoyeserera ntchito. Aliyense wotuluka m'koleji athe kucheza m'chinenero chamanja ndi kuwerenga Braille yoyambira asanalandire chiphaso. Akatswiri amene alipo kale abwezedwe kwa ana amene anawaphunzirira. Ndipo inu makolo, ngakhale mwana wanu ali wakumva ndi wopenya bwinobwino, pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukubwerawu imirirani mufunse aphunzitsi aakulu kuti pasukulupo pali ana angati olumala, ndiponso ndani mwa aphunzitsi amene anaphunzira kuwaphunzitsa. Akayankha kuti palibe, yankholo lilembedwe m'maminitsi ndipo lipite kwa a DEBS.